Funsani Alangizi: Matumba Awiri a Sabuside ndi Ndalama za Pakhomo

Makalata ambiri omwe talandira mwezi uno akukamba za feteleza wotsika mtengo komanso za ndalama zomwe zimatsala pakhomo mlimi akakolola. Akuyankha ndi alangizi a zaulimi pamodzi ndi odziwa za malonda a mbewu omwe amathandiza tsamba lino.

Zaka ziwiri zotsatizana ndinagula feteleza wa sabuside, kenako dzina langa linasowa. Amfumu akuti sakudziwapo kanthu. Munda ndi womwewo, chiphaso ndi chomwecho. Kodi alipo amene wandidyera?
*Bambo a ku Dowa*

Bambo, za chinyengo pa mayina zimamveka chaka ndi chaka, ndipo sitinganene kuti kwanuko kulibe. Koma chomwe chagwetsa anthu ambiri n'chakuti mndandanda weniweniwo wakhala ukufupika. Ndondomeko ya sabuside ya AIP (Affordable Inputs Programme) itayamba mu 2020, boma la a Lazarus Chakwera linaikamo mabanja oposa 3.5 miliyoni, thumba akugula K4,495. Chaka chotsatira linafika K7,500. Mu 2022/23 linakwera kufika K15,000 ndipo opindula anatsikira pa 2.5 miliyoni, mu 2023/24 anali 1.5 miliyoni, mu 2024/25 pafupifupi 1.1 miliyoni. Ndiye kuti mwa anthu atatu omwe anagula chaka choyamba, awiri anali atagwa pofika chaka chachisanu.

Feteleza wathu timachita kuitanitsa kunja ndi madola, wambiri n'kudzera pa madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022 mitengo inalumpha, kwinaku kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mlimi akapereka gawo lake, zotsala zonse limalipira ndi boma, ndipo zotsalazo zikamakula boma limadula chiwerengero cha anthu. Ndondomeko ya sabuside ya makuponi ya FISP (Farm Input Subsidy Programme), yomwe a Bingu wa Mutharika anayambitsa mu 2005, inachitanso chimodzimodzi: zaka zambiri inkafikira alimi pafupifupi 1.5 miliyoni, koma mu 2016/17 inatsikira pa 900,000.

Pitani ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, ku EPA, mutanyamula chiphaso cha unzika. Mlangizi akuonereni ngati muli m'kaundula wa alimi, komanso ngati nambala ndi kalembedwe ka dzina zikufanana ndi za pa chiphaso, chifukwa chilembo chimodzi cholakwika chimakwanira kuti makina akukaneni. Funsaninso ngati banja lanu silinalembedwe ku Mtukula Pakhomo kapena ku thandizo lina, popeza boma limapewa kuti banja limodzi lipindule kawiri. Izi chitani mvula ikadali kutali, osati Novembala. Mukapeza kuti wina anagula kale ndi nambala yanu, imeneyo ndi nkhani ya apolisi kapena bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB, si yokambirana pa bwalo la amfumu.

Ndipo pokonza za ulimi wa chaka chilichonse, werengerani ngati kuti simuli pa mndandanda. Dzina likatuluka, ikhale phindu lowonjezera.

Kwathu tinagwirizana kuti amene wapeza matumba awiri agawane ndi mabanja ena awiri. Ine ndimalima chimanga maekala atatu. Ndithire bwanji kuti gawo langalo likwanire munda wonse?
*Mayi a ku Ntcheu*

Silingakwanire, Mayi, ndipo musayese. Matumba awiri athunthu, limodzi la NPK ndi lina la Urea, anawerengera ekala imodzi. NPK wa 23:10:5+6S+1.0Zn ali ndi makilogalamu 11.5 a nayitirojeni m'thumba la makilogalamu 50, Urea ali ndi 23. Pamodzi ndi 34.5, zomwe zikuyandikira mlingo wovomerezeka wa makilogalamu 92 pa hekitala ukaugawa pa ekala. Inu mukugawana atatu, ndiye mutenga makilogalamu 16 kapena 17 a mtundu uliwonse. Amenewo ndi a gawo limodzi mwa magawo atatu a ekala.

Tiyeni tiziyeze ndi mizere. Ekala ndi malo a mamita pafupifupi 64 mulitali ndi 64 mulifupi. Mizere ikatalikirana masentimita 75, mu ekala mumalowa mizere 85. Gawo lanu likukwanira mizere 28 ya mamita 64. Ngati pamalopo panali mtedza kapena soya chaka chatha, kapena mwathirapo manyowa okwanira, mutha kutambasula mpaka mizere 40, theka la ekala, osaluza kwenikweni. Kupitirira apo phando lililonse lilandira timibulu towerengeka, pomwe manja opalira maekala atatu pa nthawi yake mulibe. Udzu ndi umene udye fetelezayo.

Sankhani malo abwino kwambiri a mundawo, osati oguga. Ambiri amathira pomwe chimanga chimakana poganiza kuti ndi pomwe pakufunika thandizo, koma nthaka yopanda chonde ngakhale pang'ono, ya mchenga wokhawokha kapena yodzaza kaufiti, siibweza feteleza. Malo oterewo amayamba afuna manyowa ndi mbewu za mtundu wa nyemba.

Bzalani ndi mvula yeniyeni yobzalira, nthaka itanyowa mpaka pansi, osati ndi chizimalupsa. Mbewu imodzi pa phando, mapando atalikirane masentimita 25, monga mwa njira ya Sasakawa. Mukatero ekala imakhala ndi mapando pafupifupi 21,000, ndipo thumba la makilogalamu 50 likagawidwa pamenepo phando lililonse limapeza magalamu awiri ndi pang'ono, pafupifupi chitsekerero chimodzi cha botolo la zakumwa chosasefukira. Wokulitsa, NPK uja, thirani pobzala kapena pasanathe sabata chimanga chitamera. Fosifolasi yemwe ali mu NPK sayenda m'nthaka ndipo amafunika mizu ikadali yanthete, choncho kumuthira chimanga chitafika m'mawondo ndi kumutaya theka. Wobereketsa, Urea uja, thirani patatha masabata atatu kapena anayi chimanga chitamera, mutapalira kale. Boolani ndi kamtengo pakati pa mapando, masentimita 10 kuchokera pa chimanga, thirani, kwirirani. Urea wosiyidwa pamtunda dzuwa likuswa mtengo amauluka ngati mpweya, wothiridwa pa nthaka youma sasungunuka, ndipo wogunda tsinde amawotcha.

Chinanso chomwe ambiri sachizindikira: paketi ya mbewu ya makilogalamu 5 imakwana theka la ekala basi, chifukwa ekala imafuna makilogalamu 10. Amene wapeza matumba awiri onse ayenera kuwonjezera mbewu, ndipo asawonjezere ndi chimanga cha haibulidi cha m'nkhokwe, chomwe mphamvu zake zimatsika chikabzalidwa kachiwiri.

Maekala otsalawo musawadzaze chimanga chopanda feteleza. Ikani mtedza monga CG7 kapena CG9, soya monga Tikolore kapena Makwacha wothira inokulanti (tizilombo tothandiza mizu kukola nayitirojeni), mizere iwiri pa mzere umodzi, ndi nandolo ngati amachita bwino kwanuko. Mbewu zimenezi sizilira Urea, zili ndi msika, ndipo chaka chamawa chimanga chanu chidzalowa m'malo mwake chitapeza chonde.

Feteleza anafika pa msika wathu mu Januwale, chimanga chili m'chiuno. Ndithirebe?
*Mlimi wa ku Machinga*

Ngati sichinamasule, thirani Urea msanga mutapalira, nthaka ili yonyowa. Adzathandizabe, ngakhale osati ngati akadabwera pa nthawi yake. NPK pa msinkhu umenewo phindu lake ndi lochepa. Ngati muli ndi dimba, musungireni chimanga cha mthirira. Koma ngati ngayaye zatuluka ndipo ndevu zayamba kuuma, musathire chilichonse. Mangani matumbawo bwino, muwaike pa matabwa osagunda khoma kapena pansi, m'chipinda chosadontha. Feteleza wosungidwa pouma amafika chaka chamawa ali bwino. Chomwe chimamuwononga ndi chinyezi.

Venda wina akufuna ndimubwereke chiphaso changa kuti akagulire feteleza, andipatse ndalama pompo. M'nyumba mulibe ufa ndipo ana awabweza ku sukulu. Ndalakwa pati ndikavomera?
*Mayi a ana anayi, Phalombe*

Mavuto anuwo ndi enieni, Mayi, ndipo venda amadziwa mwezi woti abwere. Koma taonani zomwe mukugulitsa. Pa minda ya alimi ang'onoang'ono, kilogalamu imodzi ya nayitirojeni imawonjezera chimanga cha pakati pa makilogalamu 10 ndi 20, malinga ndi mvula, nthaka ndi kasamalidwe. Matumba awiri aja ndiye kuti ndi matumba 7 mpaka 14 a chimanga owonjezera pa zomwe mukadakolola popanda feteleza. Funsani mtengo wa thumba la chimanga mu Febuluwale kwanuko, muchulukitse ndi 7, muyerekeze ndi zomwe venda akukupatsani.

Kugulitsa zipangizo za sabuside ndi mlandu, kwa wogula ndi wogulitsa yemwe. Komanso chiphaso cha unzika si cha feteleza yekha: ndi chomwe amalembetsera nambala za foni ndi kutengera ngongole. Chikachoka m'manja mwanu simudziwa chikagwira ntchito yanji.

Ngati vuto ndi ndalama yokawombolera matumbawo, kongolani ku banki m'khonde, gulitsani nkhuku, kapena gwirizanani ndi wachibale kuti alipire mudzamubwezere ndi chimanga chowerengeka pamaso pa mboni. Katapila yekha ndiye ayi.

Sindili pa mndandanda ndipo ndingakwanitse thumba limodzi lokha la pa sitolo. Anzanga akuti ndipange manyowa a Mbeya kuti limodzilo lisanduke asanu. N'zoona?
*Mnyamata wa ku Kasungu*

Matumba amakhaladi asanu, koma mphamvu sizichulukana kasanu. Kapangidwe kofala ndi aka, ngakhale milingo imasiyanako malinga ndi amene akuphunzitsa: makilogalamu 10 a feteleza, 20 a madeya, 20 a ndowe zouma zopera kapena zitosi za nkhuku, 10 a phulusa losefa, ndi malita 5 a madzi. Mumasakaniza mpaka zonse zichite chinyezi chofanana, n'kuika m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati, kumanga kuti mpweya usalowe, n'kusunga pa mthunzi masiku 21. Mukatsegula mumayanika pa mthunzi pang'ono musanakathire.

Tsono werengani. Makilogalamu 10 a Urea ali ndi 4.6 a nayitirojeni. Ndowe ndi madeya zikawonjezerapo, thumba la Mbeya silipitirira kwenikweni makilogalamu 6, pomwe thumba la Urea lili ndi 23. Amene amathira Mbeya ndi chitsekerero chomwe chija cha feteleza wa pa sitolo, chimanga chake chimachita chikasu pofika Januwale, n'kumati Mbeya ndi bodza. Amafunika kuthira wochuluka pa phando. Phulusa nalo likakumana ndi Urea limathamangitsa nayitirojeni. Fungo lolasa m'mphuno potsegula thumba lija ndi feteleza amene akuthawa. N'chifukwa chake thumba lobooka kapena lomangidwa mwachisawawa limawononga ntchito yonse.

Ubwino wa Mbeya ulipo ndithu. Ndowe ndi madeya zimabwezeretsa chonde ndi kusunga chinyezi, phulusa limabweretsa potaziyamu, zinthu zomwe Urea payekha alibe. Koma madeya ndi chakudya cha nkhumba ndi nkhuku, ali ndi mtengo wake, muwawerengere. Ife tikadakhala inu, pokhala ndi khola, tikadathira manyowa owola bwino m'mizere mvula isanagwe, n'kugula Urea kuti tibereketsere ekala imodzi. Ngati manyowa mulibe ndipo munda wakhala zaka osalawa feteleza, thumba limodzilo likhale NPK pa theka la ekala.

Musanagule wa pa sitolo chaka chilichonse, chitani samu iyi. Tingoyerekeza kuti matumba awiri akukwana K200,000 ndipo chimanga pokolola chikugulidwa K30,000 thumba. Akakuwonjezerani matumba 7 mwapeza K210,000, ndiye kuti mwangobweza ndalama yanu, thukuta lapita pachabe. Akakuwonjezerani 14 mwapeza K420,000. Alangizi amati feteleza wogula ndi ndalama zako azibweza kawiri mtengo wake, kuti chaka cha ng'amba chisakugwetse. Ikanimo mitengo ya kwanuko. Mudzaona kuti kusiyana kwa 7 ndi 14 kuli pa tsiku lobzala, tsiku lopalira ndi kuyendera munda kuti ntchemberezandonda muzipeze zikadali zazing'ono.

Sabuside wakhalapo zaka zambirimbiri koma njala siikutha, ndipo alimi sakulemera. Si bwino boma lingomuthetsa ndalamazo zipite kwina?
*Aphunzitsi a ku Mzimba*

Aphunzitsi, funso lanu akatswiri a zachuma akhala akukangana nalo kuyambira nthawi ya Starter Pack ya a Bakili Muluzi mu 1998. Zoona zake n'zakuti chimanga chinachulukadi m'dziko muno FISP itayamba, makamaka zaka za mvula yabwino. Koma feteleza sagwetsa mvula. Chilala cha 2015/16 chinasiya anthu oposa 6 miliyoni akufuna thandizo la chakudya sabuside alipo, namondwe wa Freddy anakokolola minda ya kum'mwera mu Malichi 2023, ndipo mu 2024 boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28.

Mtengo wake ndi waukulu. Mu 2008/09 FISP inadya pafupifupi 16 peresenti ya bajeti yonse ya dziko, ndipo AIP inapatsidwa K160 biliyoni chaka chake choyamba. Ndalama zikathera pamenepo, ulangizi, kafukufuku wa ku Chitedze ndi ku Bvumbwe, ulimi wa mthirira ndi misewu ya kumidzi zimatsala ndi nyenyeswa. Zokolola za chimanga m'dziko muno zikungozungulira matani awiri pa hekitala, matumba 16 pa ekala, pomwe mbewu zomwezo zikasamalidwa zimapitirira kawiri pamenepo.

Za kulemera, tisanamizane. Matumba awiri pa ekala imodzi amadyetsa banja, salemeretsa. Phindu lake lenileni ndi lakuti banja silithera Januwale ndi Febuluwale pa ganyu m'minda ya ena, munda wake uli m'tchire. Chimenecho si chaching'ono, ndipo n'chifukwa chake sitigwirizana ndi zongomudula tsiku limodzi pomwe mabanja ambiri alibe pena pogwira. Chomwe tingakonde ndi feteleza wofika m'misika pofika Okutobala, mndandanda woti mlimi adziwiretu kuti alimo zaka zingapo kuti akonzekere, kubwezeretsa mbewu za mtundu wa nyemba zomwe zinkapezeka pa makuponi a FISP, ndi alangizi okwanira. Thumba lofika mu Januwale boma limalipira mtengo wonse, mlimi n'kupeza theka la phindu.

Chaka chatha ndinakolola matumba 32 a chimanga, koma pofika Okutobala ndinali nditayamba kugula. Ndalama zomwe ndinagulitsa sindinazione n'komwe. Ndikulakwitsa pati?
*Bambo a ku Mchinji*

Kulima mukutha, Bambo. Ndalama zanu zikutayikira pakati pa Epulo ndi Julayi, pomwe aliyense akugulitsa ndipo mtengo uli pansi, kenako mukudzagula chimanga chomwecho mtengo utakwera.

Yambani ndi kuwerenga pakamwa. Onani kuti thumba limodzi limakufikitsani masiku angati. Ngati ndi masabata atatu, chaka chikufuna matumba 17 kapena 18. Onjezani awiri a maliro, alendo ndi olipira aganyu. Matumba 20 amenewo achoke m'maso, mugwirizane ndi mayi a kunyumba kuti sakhudzidwa, chifukwa chimanga chambiri sichituluka pa ngolo, chimatuluka pa ndowa imodziimodzi, lero ya sopo, mawa ya mchere, mkuja ya ku bawo. Otsala 12 ndiwo malonda anu, ndipo mtengo wa feteleza wa chaka chamawa uchokere pamenepo musanagule china chilichonse. Mavuto a msanga monga fizi ya teremu yachitatu akumane ndi soya kapena mtedza, osati chimanga. Pamenepa m'pamene mlimi wa mbewu imodzi amagwera.

Kusunga kumafuna chimanga chouma bwino, chinyezi chisapitirire 13 peresenti. Poyesa, ikani chimanga chodzaza dzanja m'botolo lagalasi louma pamodzi ndi mchere wouma, tsekani, khutchumulani, dikirani kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, yanikaninso. Chonyowa chimachita chuku, ndipo chuku ndi poizoni, sichichoka chonse pokonola kapena pophika. Chikauma, tonolani, petani, thirani mankhwala a fumbi monga Actellic pa mlingo wolembedwa pa botolo, kapena gwiritsani ntchito matumba a PICS, a mapulasitiki awiri mkati ndi chiguduli kunja, omwe amapha anankafumbwe powamana mpweya. Pulasitiki iliyonse imangidwe payokha mutafinya mpweya, thumba lisatsegulidwetsegulidwe, ndipo likhale potalikira makoswe, chifukwa kabowo kamodzi kathetsa zonse. Mapiritsi ofukiza aja ogulitsidwa pa msika musawaike m'nyumba yogona anthu. Mpweya wake umapha.

Kusunga sikupindulitsa chaka chilichonse. Mu 2017 dziko litakolola zambiri, kugulitsa kunja kuli koletsedwa, mtengo wa chimanga unagwa ndipo osunga sanapeze zomwe ankayembekezera. Chaka chomwecho alimi a nandolo analira India atachepetsa nandolo wolowa m'dziko mwake. Choncho gulitsani m'magawo: ena pang'ono pokolola ngati pali chokakamiza, ena cha mu Seputembala kapena Okutobala pogula zipangizo, otsala podikira miyezi ya njala.

Pogulitsa, dziwani mtengo wotsikitsitsa womwe Unduna wa Zaulimi walengeza chaka chimenecho, ngakhale mavenda ambiri saulabadira ADMARC ikachedwa kulowa pa msika. Gulitsani pa kilogalamu, osati pa ndowa yosefukira yomwe venda wabwera nayo. Sikelo ikhale ndi chidindo cha Malawi Bureau of Standards, ndipo muiyese nokha: nyamulani paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yosatsegula, kapena pimitsani thumba limodzi pa sikelo ina musanapite. Ngati muli mu kalabu kapena kopaletivu, sonkhanitsani katundu mugulitse pamodzi, wogula wamkulu amabwera ndi galimoto pomwe pali matani, osati matumba asanu. Magulu otere amathanso kusungitsa mbewu ku nyumba zosungira za bungwe la malonda a mbewu la ACE (Agricultural Commodity Exchange for Africa) n'kulandira lisiti yomwe ena amatengera ngongole podikira mtengo. Musanasungitse funsani ndalama yosungira pa mwezi, yopetera, ya mayendedwe ndi chiwongola dzanja cha ngongoleyo, muziphatikize, kenako muone ngati mtengo womwe mukuuyembekezera ukuziposa.